Mpando Wakumbuyo pa Siki ya Bwana Nevu

Lolemba, 11 Malichi 1974

Andigoneka pa bedi nambala 9, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu wochokera ku Mhangura. Kope ili ndi la Jogalafe. Kutsogolo kuli mapu a mitsinje, choncho ndayambira kumbuyo. Ndikulemba kuti ndisasokoneze masiku. Atsala 30 kuti tinyamuke.

Dzulo masana tinali pa damu la pafamu, ine ndi Bwana Nevu, mwana wa mwini famu. Tinapalasa siki yathu kuzungulira kasanu ndi kamodzi. Potsika pa siki miyendo inakana, ndinangokhala pansi m'matope. Iwo anaona kabudula wanga ndi madzi ofiira pampando wakumbuyo. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati zaka ziwiri zapitazo. Anatukwana m'Chizungu, koma ankatukwana damu, osati ine.

Sindinkadziwa kuti ndi matenda. Ku komboni mnyamata akayamba kukodza magazi amamuseka kuti wakula, ndipo amene sanayambe ndiye amachita manyazi. Dokotala akuti ndi likodzo, ndiponso magazi anga achepa kwambiri.

Lachiwiri, 12 Malichi

Belu 5 koloko, kagalasi mkamwa, phala, kukolopa, dokotala cha m'ma 9.

Kupima mkodzo ndi 12 koloko, chifukwa akuti mazira a tizilomboto amatuluka ambiri dzuwa likakhala paliwombo. Sisita Esnat amakupatsa botolo, kapepala ka dzina lako ndi kachingwe. Umathamanga kuzungulira bwalo kawiri, n'kupita kuchimbudzi, n'kuthira madontho omaliza. Umatseka kukamwa kwa botolo ndi kapepalako n'kumanga. Kenako umakaliika pa thireyi ya pakhonde lakuseri, pomwe limadikira mnyamata wa ku labu mpaka 2 koloko. Alendo amalowa 12 mpaka 2.

Pa bedi nambala 10 pali Che Sulemani, telala wa ku Raffingora. Ali ndi bala pamwendo lokana kupola.

"Kaputeni," anatero, "akuti umapalasa ngalawa ndi mzungu?"

"Si ngalawa, ndi siki."

"Imanyamula matumba angati?"

Ndinawauza kuti sinyamula ngakhale nkhuku. Ndi yaitali kuposa ngolo ya thirakitala, koma yopapatiza moti matako amangokwanira. Sulowa mkati, umakhala pamwamba. Anaipangira mafunde a nyanja yamchere, ndipo ikagubuduka siimira, umangokweranso. Yathu ndi ya anthu awiri. Wakutsogolo amawongolera ndi mapazi. Wakumbuyo amatsata nkhafi ya mnzake osaphonya, ndipo ndiye injini.

"Ndiye mukupita nayo kuti, pa damu la ng'ombelo?"

"Ku Beira. Loweruka la Isitala kuli mpikisano waukulu, mamailosi 16 panyanja. Kukubwera akatswiri a ku Durban ndi a ku Lourenço Marques."

"Nyanjayo unaionapo?"

"Ayi."

Anaseka mpaka bedi kulira. Kenako anafunsa dzina la ababa, dzina la famu, ndi kwathu kwenikweni. Mafunso achuluka. Ndinayankha limodzi.

Lachitatu, 13 Malichi

Sikelo: makilo 49. Mapiritsi achikasu, limodzi ndi theka m'mawa, limodzi madzulo, masiku asanu ndi awiri. Ena ofiira owonjezera magazi, katatu pa tsiku.

Dokotala ndi mzungu wokalamba, amalankhula Chishona cha m'buku. Akuti mapiritsi akatha tidikira masiku asanu, kenako apimanso. Mazira akufa alibe nawo ntchito. Amathira madzi pa galasi n'kuona ngati alipo oswa. Akapanda kupeza amoyo, alemba kalata. Bwana wamkulu, bambo a Bwana Nevu, ananena kuti popanda kalata ya dokotala sindikwera galimoto ya ku Beira.

Ndawerenga pa zala. Mapiritsi atha pa 19, kupima pa 25. Nthawi ilipo.

Lachinayi, 14 Malichi

Amayi abwera pa lole ya mkaka. Anapempha tsiku ku shedi yosankhira fodya. Manja awo akununkha fodya, ndipo mbambaira zimene abweretsa zikununkhanso fodya.

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumayang'ana khadi langa, ngakhale sadziwa kuwerenga. Anafunsa kuti botolo lija ndi la chiyani, amapima bwanji, amapima liti. Ndinawafotokozera zonse. Ndinasangalala kuti kamodzi kokha afunsa za ine osatchula amalume anga a Zuze.

Koma potuluka anawatchula. "Pawayilesi ya foromani akuti aphulitsanso sitima pa njanji ya ku Beira. Ndipo chitupa chako, Khirisimasi, chikunena kuti ndiwe wa ku Tete. Zuze anangopita kukalira maliro."

Amalume anapita ku Tete mu 1969. Pamalire Apwitikizi anawaveka yunifolomu ya usilikali. Kalata yawo yomaliza inabwera ine ndili Giredi 5. Ndinati Bwana Nevu ali ndi mapepala onse, ndipo magalimoto amayenda pamodzi ndi asilikali. Amayi anati, "Mapepala amateteza mwini mapepala."

Loweruka, 16 Malichi

Kusanza kawiri. Mutu. Mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Sisita akuti ndi mapiritsi.

Lamulungu, 17 Malichi

Masana simenti ya pansi inayamba kuyenda ngati madzi. Ndinagwira zitsulo za bedi kuti ndisagubuduke. Akuti ndinkakuwa kuti "kumanzere, kumanzere!" Sindikukumbukira.

Lolemba, 18 Malichi

Kumapeto kwa wodi atchinga ndi nsalu. Abweretsa munthu wowomberedwa pantchafu, akuti wochokera cha ku Sipolilo. Wapolisi wakhala pampando pambali pake. Palibe amene akufunsa kanthu. Ngakhale a pa bedi 3, amene amatsokomola tsiku lonse, akutsokomola pang'onopang'ono.

Cha m'ma 3 wapolisiyo anabwera molunjika kwa ine.

"Iwe mukomana, umalemba chiyani?"

Anatsegula kutsogolo, n'kupeza mapu. Zambezi, Hunyani, Angwa, zonse ndinazijambula ndi buluu, ndi mivi yosonyeza kolowera madzi.

"Mivi iyi ikulowera kuti? Anakutuma ndani?"

Ndinati aphunzitsi a Fomu 1. Lilime linali lolemera ndi mapiritsi. Che Sulemani anadzuka n'kunena m'Chishona kuti mwanayu ndi wa bwana wa pafamu, amapalasa naye ngalawa, ndipo akafuna aimbe foni. Wapolisi anaponya kope pabedi.

Andithandiza, inde. Koma wapolisiyo wafika m'mawa uno, ndipo lero sindinalembe chilichonse iye akuona. Anamuuza ndani kuti ndili ndi kope?

Lachiwiri, 19 Malichi

Piritsi lomaliza 6 koloko. Makilo 47.

Loweruka, 23 Malichi

Mphamvu zikubwerera. Mkodzo wayera kuyambira dzulo, wopanda kadontho kofiira. Ndinaima nthawi yaitali ndikuuyang'ana. Ndinali nditaiwala kuti umaoneka chonchi.

Bwana Nevu abwera. Wodi yonse anthu anayamba kukoka mabulangete. Anapempha Sisita mtengo wa tsache, n'kundipatsa kuti ndizipalasa mphepo nditakhala pabedi, ka 200 m'mawa, ka 200 madzulo. Anagwira phewa langa n'kunena kuti ndaonda ngati nkhafi.

Akuti kalata yawo ya usilikali yafika, alowa Isitala ikangotha. Mpikisano uno ndi womaliza, mwina kwa zaka zambiri. Ankapikisana ku Durban asanabwerere ku famu, ndipo kawiri anamaliza wachiwiri. Akuti ndi ine kumbuyo wachiwiri sadzakhalanso.

Ndinafunsa kuti akupalasa ndi ndani. Anati Lemani, mwana wa foromani. "Akungofunditsa mpando wako. Amapalasa ngati akulima."

Lemani wakhala akuufuna mpando umenewu kuyambira tsiku limene siki inatsika pa lole. Ndi yemwe ankauza anthu ku komboni kuti ine ndine mutengesi, wogulitsa anzake, chifukwa ndimakhala kumbuyo kwa mzungu. Lero wakhalapo ndi iyeyo.

Bwana atapita, Che Sulemani anati, "Kaputeni, palasa bwino, usatifikitse ku wodi ya azimayi."

Lolemba, 25 Malichi

Tsiku lopima. Ndinathamanga katatu m'malo mwa kawiri. Botolo linali loyera ngati madzi a pampopi. Ndinamanga, ndinakaika pa thireyi.

Amayi abwera ndi Emilia, mlongo wanga wa zaka zisanu ndi zinayi. Ana salowa, choncho anamusiya pansi pa mtengo wa pageti. Ndinamukwezera dzanja pazenera. Anakweza lake pang'ono, atatsamira mtengo. Bwanji sanapite kusukulu? Amayi akuti anangofuna kukwera lole.

Abweretsa chimanga chootcha ndi matemba. Za Beira sanatchule.

Lachiwiri, 26 Malichi

Mazira amoyo. Ambiri.

Dokotala anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine, n'kukanikiza mimba yanga mbali zonse. Akuti zimachitika, tipimanso Lachinayi.

Sindinadye.

Lachinayi, 28 Malichi

Kupima kachiwiri. Loyera ngati Lolemba. Ndinalikweza kudzuwa, munalibe kanthu.

Amayi ndi Emilia abweranso. Foromani akuwapatsa bwanji masiku nthawi ino fodya atadzaza shedi? Foromani ndi bambo a Lemani. Kodi akufuna kuti amayi azikamuuza za khadi langa?

Lachisanu, 29 Malichi

Amoyo, ochuluka kuposa tsiku limene ndinabwera. Ndinamva dokotala akuuza Sisita kuti sizikumveka. Akuti apima Lolemba ndi Lachinayi. Zikakhala chimodzimodzi, ndiyambanso mapiritsi achikasu pa 8 Epulo, chiwindi chikapumula. Masiku asanu ndi awiri. Galimoto inyamuka pa 10.

Ndalemba anthu amene angathe kusewera ndi botolo langa:

Mnyamata wa ku labu. Amavala mkanjo woyera wa Apositoli Loweruka, ngati foromani.

Sisita Esnat. Tsiku lina ananena kuti mabwidi, ife obwera, timakonda azungu kuposa eni dziko. Anaseka, koma ananena.

Che Sulemani. Amadziwa zonse zanga, ine zawo sindidziwa. Amati mwendo ukupweteka, koma nthawi ya Swala amayenda mpaka kuseri kukasamba m'manja ndi kumapazi, ndipo mpopi uli pafupi ndi thireyi.

Lemani, ndi mankhwala achikuda.

Zomalizazi ndinazinena mokweza osadziwa. Che Sulemani anati, "Ukulakwa, mwanangu. Mankhwala achikuda amatupitsa mwendo, amazunguza mutu. Koma saikira mazira pa galasi la dokotala. Mazira akakhalapo, alipo amene wawakodza."

Ndasiya kulandira tiyi wawo.

Lamulungu, 31 Malichi

Munthu wa kuseri kwa nsalu amutenga m'mawa pa Land Rover. Bedi lake alichapa ndi mankhwala onunkha.

Ndapalasa tsache ka 600. Mapewa ali bwino. Thupi langa silikudwala, ndikulidziwa. Akudwala ndi botolo.

Mawa ndimanga mfundo yanga.

Lolemba, 1 Epulo

Ndinamanga kachingwe ndi mfundo imene Bwana Nevu anandiphunzitsa yomangira siki pamwamba pa galimoto. Kuno palibe wina woidziwa. Ndinaika botolo pakona ya thireyi.

Amayi anakhala nane mpaka cha m'ma 1, kenako anati akukaona Emilia pageti. Che Sulemani anapita kumpopi n'kubwera. Sisita anadutsa kuseriko kawiri. Itakwana hafu pasiti 1 ndinanamizira kuchimbudzi.

Botolo linali pakona pomwepo. Kapepala kanali komweko, dzina langa ndi zilembo za Sisita. Madzi ake anali ofiirira pang'ono pansi. Mfundo sinali yanga. Chingwe anachikulunga katatu pakhosi pa botolo, nsonga n'kuilowetsa pakati, n'kukoka.

Ndinabwerera, ndinasolola ulusi pa bulangete, ndinamanga chimodzimodzi pa supuni, n'kuiponya pabedi la Che Sulemani.

"Mfundo yanu iyi, madala?"

Anavala magalasi, anaitembenuza. "Telala akamanga chonchi, buluku ligwa pamsika. Ukufunsa ine, iwe wobadwira pa famu ya fodya?"

Ndinali nditaizindikira kale ndili pakhonde paja. Ndinkangofuna kuti wina anene kuti ndi yake. Ndimo amamangira tsamba pa kamtolo ka fodya mu shedi: katatu, kulowetsa pakati, kukoka. Mkazi aliyense wa ku komboni amamanga choncho ngakhale thumba la mchere.

"Amayi a Lemani nawonso amasankha fodya," ndinatero.

"Anabwera kuno?"

Sanabwere.

"Wakulunga cha kumanzere," anatero, n'kundibwezera supuni.

Mu shedi monse wamanzere ndi mmodzi.

Lachiwiri, 2 Epulo

Amoyo. Ndinangogwedeza mutu.

Ndinawerenga kope kuyambira poyamba. Pa 14 Malichi ndinawauza amayi ndekha zonse, nthawi, thireyi, kachingwe. Ndipo ndinalemba kuti ndinasangalala.

Lachinayi, 4 Epulo

Amayi atanena kuti akukaona Emilia, ndinadutsa khomo lina n'kuima kuseri kwa mashiti oyanikidwa. Anapitadi pageti. Anatenga Emilia kupita naye kuseri kwa mpanda. Patapita kanthawi anabwera okha pakhonde, kabotolo ka mankhwala a chifuwa kali m'chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, anatola botolo langa, n'kuyamba kumasula ndi mano.

"Amayi."

Sanadzidzimuke kwambiri. Anangotsitsa manja.

"Ndi wa ndani?"

"Wa Emilia."

"Anayamba liti?"

"Mvula itangoyamba. Wamkazi sakula chonchi, ndinadziwa kuti ndi matenda omwewa."

"Ndiye mwakhala mukubwera naye pageti la chipatala kanayi, osamulowetsa?"

Pamenepo anagwira pakamwa. "Isitala ikadutsa ndibwera naye. Ndinalumbira pamaso pa Mariya. Masabata awiri okha."

"Nanga ine? Lolemba andiyambitsanso mapiritsi aja. Munamva kuti ndinkakuwa ngati wamisala."

"Pa mapiritsi ndimabwera n'kukupeza pabedi. Zuze ndikamupeza kuti?"

Ndinati mpandowo ndaukhetsera thukuta zaka ziwiri. Ndinati sindinakhalepo woyamba pa chilichonse, kusukulu kapena ku komboni, koma pamadzi palibe wondipeza, ngakhale Bwana Nevu amavomera. Ndinanena zambiri. Iwo ankangoyang'ana khosi langa.

"Mzungu akawina adzakweza chikho," anatero. "Ukapanda kubwera adzati pepani, Luiza, n'kundipatsa bulangete."

Kenako anagwira dzanja langa mwamphamvu. "Ababa ako sakudziwa. Bwana wamkulu akamva kuti ndinamunamiza mwana wake, tsiku lomwelo katundu ali pamsewu. Eni dziko ali ndi kumudzi. Ife tikalowera kuti, ku Tete?"

Ndinalanda botolo langa, ndinamanganso ndekha. Kabotolo kawo anakakhuthula m'ngalande. Ndinakhala pakhondepo mpaka mnyamata wa ku labu atabwera.

Anasiya malalanje atatu pabedi. Ndawapatsa Che Sulemani. Ndinawapepesanso. Anati, "Ndakhala ndikunamiziridwa kuba nsalu zaka makumi atatu. Mkodzo ndi koyamba."

Lachisanu, 5 Epulo

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

Dokotala anabwera 9 koloko ndi Sisita Esnat ndi mnyamata wa ku labu. Anati botolo la dzulo munalibe dzira lamoyo ngakhale limodzi. Ndinaganiza kuti angolemba kalata, nkhani n'kutha.

Koma nkhope yawo inali yofiira. "Lolemba mazira odzaza galasi, Lachinayi zero. Thupi la munthu silitero. Wina akusewera ndi mabotolo anga. Ndikanakupatsa mankhwala oopsa kachiwiri popanda chifukwa." Anatembenukira mnyamata wa ku labu n'kunena kuti akapanda kumva zoona, ntchito yatha lero.

Sisita Esnat anati, "Dokotala, ine munthu amene ndakhala ndikumuona kuseriko masiku opima ndi mai wa mwana uyu."

Dokotala anati ndiye aimbira foni ku famu.

Wodi yonse inkamvetsera. Che Sulemani ankayang'ana kudenga.

"Ndinawatuma ndine," ndinatero.

"Unawatuma chiyani?"

"Ndinawauza kuti dokotala akufuna madzi a mlongo wanga m'botolo langa, kuti ayerekeze magazi a pabanja. Iwo sadziwa kuwerenga, sadziwa za chipatala. Anangochita zimene ndinanena."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinafunafuna chifukwa chimene mzungu angakhulupirire msanga. Chinalipo chimodzi.

"Ndimaopa nyanja."

Wina cha ku bedi 3 anaseka. Dokotala sanaseke. Anafunsa zaka za Emilia, ndi nthawi imene anayamba. Analemba kapepala kuti abwere naye mawa osalephera. Kenako anati ine ndachira, koma foni aimbabe, chifukwa Bwana Nevu ayenera kudziwa munthu amene akufuna kupita naye pamadzi akuya.

Atatuluka, mnyamata wa ku labu anandiyang'ana ngati wandipeza m'thumba mwake. Alibe mlandu. Ndinamulemba woyamba pa mndandanda.

Loweruka, 6 Epulo

Emilia amugoneka ku wodi ya ana. Makilo 21. Magazi ake ndi ochepa kuposa mmene anali anga. Ababa ndiwo abwera naye. Kwa ine anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Watichititsa manyazi kwa bwana." Ndinati pepani.

Lamulungu, 7 Epulo

Bwana Nevu abwera 1 koloko. Sanalowe. Anandiitanira panja, pa galimoto yawo. Kalata ya dokotala inali m'manja.

"Khirisimasi, dokotala wandiuza nkhani. Ine sindikuikhulupirira."

Ndinayang'ana tayala.

"Mu Disembala tinagubuduka pakati pa damu, matalala akugwa, mphezi ikung'anima. Unakweranso ine ndisanapeze nkhafi yanga, ukuseka. Munthu ameneyo amaopa madzi?"

"Damu lili ndi tsidya, bwana. Nyanja ilibe."

"Tamvera. Kalata ndi iyi, wachira. Ukandiuza kuti unanamiza dokotala, mpando ndi wako, Lachitatu tinyamuka. Koma ndidzafuna kudziwa amene wachita zimenezi, ndipo bambo anga adzafunanso kudziwa. Wina wakuopseza? Ndi Lemani? Ndi anyamata a nkhondo a kutchire?"

Akanangosiyira pa mpando. Ndinaona mafunde amene sindinawaonepo, aja amafotokoza kuti amakunyamula kumbuyo siki n'kumathamanga yokha, iwe nkhafi uli nayo m'mwamba. Ndinali nditawapalasa ndi tsache masabata awiri.

"Palibe wandiopseza. Ndi zoona, ndimaopa."

Anapinda kalata n'kundipatsa.

"Bola wanenera pano, osati kuseri kwa mafunde," anatero. Anatsegula chitseko, kenako anati, "Ndinkayesa ndakudziwa."

Nditabwerera, Che Sulemani anandisungira tiyi. Ndinamwa.

"Munamuuza ndinu wapolisi uja za kope?" ndinafunsa.

"Ee. Ndinati mwana uyo ndi wa sukulu, amalemba zasukulu, musamuvutitse. Ndinkayesa ndikukonza njira." Anakanda mutu. "Tonse timamanga molakwika tikamafuna kuthandiza, Kaputeni."

Ndinawapempha kuti asiye kunditchula Kaputeni. Akana.

Lolemba, 8 Epulo

Emilia wayamba achikasu, theka m'mawa, theka madzulo. Sisita wandilola kukamuona. Amalephera kumeza. Ndamuphunzitsa kuika piritsi m'kachidutswa ka nthochi. Ndamuuza kuti simenti ikayamba kuyenda agwire zitsulo, ndi yabodza.

Anandifunsa, "Achimwene, ndi zoona mumaopa nyanja? Lemani akuuza aliyense."

Ndinati adye nthochi.

Lachitatu, 10 Epulo

Anditulutsa lero. Makilo 48. Mapiritsi ofiira kwa mwezi umodzi. Osalowa m'damu. Basi ndi ya 3 koloko.

Anadutsa cha m'ma 10. Ndinamva injini ndisanaione. Siki inali pamwamba, yoyera, yotulukira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Chigongono cha Lemani chinali pazenera. Chingwe chakumbuyo anamanga molakwika, mchira unkagwedera. Akafika ku Sinoia adzayenera kuima. Sanachepetse liwiro pageti.

Amayi abwera 12 koloko. Anandipeza ku wodi ya ana. Anakhala mbali ina ya bedi la Emilia, ine mbali inayo. Anati ku komboni anthu akundiseka, koma mawu aja akuti mutengesi asiya. Ananena ngati akundipatsa mphatso. Anasenda lalanje n'kuika pabulangete pakati pathu. Sindinatenge, sindinakankhe. Sindikudziwa ngati anapulumutsa moyo wanga kapena anangondilanda Loweruka limodzi. Iwonso sakudziwa. Palibe amene adzatiuze.

Dokotala akufuna botolo lina la Emilia lero kuti awerenge mazira. Atabwera nalo kuchokera kuchimbudzi, amayi anatambasula dzanja kuti amange. Ndinalitenga ndine.

Ndamanga mfundo ya pa siki, ndipo ndikulemba izi nditakhala pakhonde lakuseri, pafupi ndi thireyi. Ndichoka 2 koloko.